Mtengo wa paving ku Joni, ku England ndi kumudzi

Munthu akamva kuti ku England kuyala paving panjira yolowera galimoto pakhomo kumatha kufika £100 pa sikweya mita imodzi, amangotulutsa foni n'kuyamba kuchulukitsa. Mu 2024 paundi imodzi inkasinthidwa pa marandi pafupifupi 23, ndiye £100 ija imasanduka R2,300. Kuno ku Joni ntchito yofanana nayo, ya mabuloko wamba a konkire, si zachilendo kuimva pa R400 kapena R500 pa sikweya mita, zipangizo ndi amisiri zonse pamodzi. Anyamata a pa saiti akamva zimenezi amaseka kuti azungu a kumeneko amabedwa dzuwa likuswa mtengo, wina n'kuyamba kulota zokalemera ku London ndi fosholo. Amene akumanga kumudzi naye amalowererapo, n'kunena kuti ku Lilongwe amisiri ndi otchipa kwambiri moti R500 imodziyo ingamalize bwalo lalikulu.

Onsewa akuwerenga ndalama molondola, koma akuyerekeza zinthu zosiyana. Mtengo wa sikweya mita ndi mtolo wa zinthu zingapo: mabuloko kapena simenti, miyala ya pansi, mayendedwe, thukuta la anthu, makina, misonkho ndi zilolezo. Dziko lililonse lili ndi chinthu chake chimene chimadula kuposa zinzake mu mtolowo, ndipo chimene chadulacho n'chimene anthu amabera. Ku England chodula ndi munthu. Ku Malawi chodula ndi simenti ndi dizilo. Ku Joni tili pakati, ndipo chimene chimatsitsa mtengo kuno ndife amene timagwada pamchengapo.

Zimene zili pansi pa tayala

Titenge njira ya mamita 10 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, kuchoka pageti kukafika pa galaja. Amenewo ndi masikweya mita 40. Buloko lodziwika kwambiri kuno ndi la mamilimita 200 kwa 100, ndipo pa sikweya mita imodzi pamalowa 50. Pafunika mabuloko 2,000, kuwonjezerapo ena 100 a kuduladula m'mbali ndi osweka potsitsa. Pa galimoto zing'onozing'ono ndi ma bakkie timagwiritsa ntchito a mamilimita 60 kukhuthala. Pamene padzadutsa malole, monga pa filing'i siteshoni kapena pa depoti, pamafunika a mamilimita 80.

Mabuloko amenewa ndi okhawo amene mwininyumba amawaona, ndipo ndi amene amakangana nawo za mtundu, wofiira kapena wotuwa. Koma ntchito yeniyeni ili pansi pake. Mabuloko amakhala pa mchenga wa kumtsinje wokhuthala mamilimita pafupifupi 25. Mchengawo umakhala pa miyala yophwanya yosakanikirana ndi fumbi lake, imene kuno timaitcha G5, yokhuthala mamilimita 150 itatsindiridwa. Mukaphatikiza zonse, muyenera kukumba mamilimita 235. Pa masikweya mita 40 aja, dothi lotuluka ndi ma kiyubiki mita 9.4, ndipo dothi likakumbidwa limafufuma, moti mawilibala ake amaposa 150. Dothi limenelo liyenera kupita kwinakwake, ndipo amene alinyamule afuna ndalama. M'malo mwake mubweretsa G5 wokwana ma kiyubiki mita 6 atatsindiridwa, kutanthauza kuti pogula muonjezereko, ndi mchenga kiyubiki mita imodzi.

Kenako pamabwera kompakita, injini ija yonjenjemera imene imachititsa dzanzi m'manja. G5 satsindiridwa yense nthawi imodzi. Mumayala theka, kuwaza madzi pang'ono, kutsindira, kenako theka linalo. M'mbali mumatsekera ndi makebu, miyala ya konkire ija ya m'mphepete mwa msewu, kapena ndi konkire wothira kuti mabuloko asamwazike galimoto ikamakhota. Njira yonse iyenera kupendekeka pang'ono, masentimita awiri pa mita iliyonse, kuti madzi azithawa nyumba. Mabuloko akayalidwa, makamaka mopingasana ngati galimoto zidzakhotera pomwepo, mumathira mchenga wouma wosalala pamwamba, kusesera m'mipata, n'kudutsitsanso kompakita. Mchenga wa m'mipatawo ndi umene umagwirizanitsa mabuloko kuti kulemera kwa tayala kugawanike kwa anzake oyandikana nawo.

Paving ili ngati mphasa: pansi pakakhala chigwembe, iyonso imatsatira chigwembecho. N'chifukwa chake koteshoni ya R280 ndi ya R520 zikhoza kukhala za mabuloko a fakitale imodzi, mtundu umodzi, ndipo tsiku lomaliza ntchito zonse ziwiri zimaoneka bwino chimodzimodzi pa chithunzi. Kusiyana kumadzaoneka mvula ikagwa nyengo ziwiri, pamene mizere iwiri ya matayala yayamba kulowa pansi ndipo madzi akudikha pakhomo la galaja. Wa R280 uja anangopala udzu, kuthira mchenga, n'kuyala.

Choncho musanayerekeze mtengo wa ku Leeds ndi wa ku Roodepoort kapena wa ku Area 25, funso loyamba ndi lakuti anakumba kuya bwanji, ndipo anaikamo chiyani.

Kuwerenga ndi maola a ntchito

Njira yabwino yoyerekezera maiko si kusintha mapaundi kukhala marandi. Ndi kufunsa kuti munthu wolandira malipiro otsikitsitsa m'dzikolo agwire ntchito nthawi yaitali bwanji kuti agule sikweya mita imodzi. Titenge chaka cha 2024 kuti tiyerekeze bwino. Ku Britain malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali £11.44 pa ola kuyambira mu Epulo. Ku South Africa anali R27.58 pa ola kuyambira mu Malichi. Ku Malawi boma linaika K90,000 pa mwezi, zomwe ndi pafupifupi K3,460 patsiku ngati munthu akugwira masiku 26.

Wa ku England uja, kuti akwanitse £100, agwira maola osakwana 9. Wa ku Joni, kuti akwanitse R450, agwira maola oposa 16. Taonani kuti nkhani yatembenuka kale: paving yomwe timaiona yotchipa kuno, kwa munthu wamba wa kuno ndi yodula pafupifupi kawiri kuposa mmene ya ku England ilili kwa munthu wamba wa kumeneko. Kumudzi ndiye zimafika povuta. Konkire wabwino wa panjira ya galimoto amadya matumba 6 kapena 7 a simenti pa kiyubiki mita imodzi, ndiye silabu yokhuthala mamilimita 100 imafuna pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a thumba pa sikweya mita. M'chaka chimenecho thumba la simenti linali litadutsa kale K15,000 m'malo ambiri. Simenti yokha ya sikweya mita imodzi inali malipiro a masiku atatu, musanagule kwale, mchenga, kapena kulipira mmisiri. Thumba lomwelo la makilogalamu 50, kuno ku Joni linali cha m'ma R100, maola anayi a ntchito.

Apa pali msampha wina waung'ono. Thumba la simenti la ku South Africa ndi la ku Malawi ndi la makilogalamu 50. La ku Britain nthawi zambiri ndi la makilogalamu 25, theka chabe. La ku America ndi la mapaundi olemera 94, makilogalamu pafupifupi 43. Ku America samayezanso ndi sikweya mita, amayeza ndi sikweya futi, ndipo sikweya mita imodzi ndi masikweya futi 10.76. M'bale wanu wa ku Indiana akakuuzani kuti analipira madola 10 basi pa sikweya futi, chulukitsani kaye ndi 11 musanayambe kumusirira.

Zimene ndinaona ku Leeds

Nditapita kukacheza kwa mlongo wanga ku Leeds, zinangochitika kuti nyumba yoyang'anana nayo inkayalidwa paving. Munthu wa ntchito yanga sangakhale pa sofa n'kumaonera TV pamene kutsidya kwa msewu kompakita ikulira, ndiye ndinkangoima pawindo, kenako ndinatuluka n'kukaima pampanda. Anali amuna awiri okha. Ntchito imene kuno tikanaigwira anthu asanu ndi mmodzi ndi mapiki, iwo anabwera ndi kagalimoto kokumba kakang'ono kokwana pageti, ndipo pofika masana dzenje lonse linali litatha, dothi lili mu skip, chibini chachikulu chachitsulo chotayiramo zinyalala, pamsewu. Miyala yawo ya pansi, imene amaitcha MOT Type 1, inabwera m'matumba akuluakulu, lole n'kuwatsitsa ndi kireni pamalo penipeni pamene akufunika. Palibe amene anakankha wilibala mtunda woposa mamita asanu. Podula mabuloko, makina awo ankathira madzi kuti fumbi lisabuke, ndipo wodulayo anavala zotchinga mphuno ndi makutu. Ndinaganiza za anyamata athu amene amadula mabuloko ndi girayinda, nkhope yonse mbuu, atangomanga kansalu pakamwa. Fumbi la konkire limawononga mapapo pang'onopang'ono, monga mmene fumbi la mumgodi linkawonongera agogo athu amene anabwera kuno ndi Wenela.

Kumeneko munthu ndi wodula, ndiye chilichonse chimene makina angachite, amachita makina. Koma makinawo amabwerekedwa patsiku, skip imalipiridwa, ndipo ikakhala pamsewu wa boma pamafunika chilolezo cha khonsolo. Kontirakita amalipira inshuwalansi, ndipo ngati ndi wolembetsedwa pa VAT amaonjezera 20 peresenti, pamene ya ku South Africa ndi 15 peresenti.

Pali malamulo awiri amene amakweza mtengo kumeneko amene ife sitiwaganizira n'komwe. Loyamba ndi la madzi a mvula. Kuyambira mu Okutobala 2008, ku England munthu akafuna kutseka malo oposa masikweya mita 5 kutsogolo kwa nyumba yake ndi chinthu chosalowa madzi, ayenera kupempha chilolezo, pokhapokha ngati madziwo akuthira pa kapinga kapena pamalo ena oti alowe pansi m'bwalo lake lomwelo. Lamuloli linabwera pambuyo pa kusefukira kwa madzi kwa mu 2007, ataona kuti anthu akamata mabwalo onse, madzi onse amathamangira m'ngalande za mumsewu nthawi imodzi. Ndiye kontirakita amaika kangalande ka chitsulo pageti ndi dzenje lomwetsa madzi, kapena amagwiritsa ntchito mabuloko olowa madzi, ndipo zonsezo ndi ndalama. Lachiwiri ndi la kebu ya mumsewu. Kanjira ka anthu oyenda pansi ndi ka khonsolo, ndipo simuloledwa kumangokadutsa ndi galimoto. Muyenera kupempha kuti kebuyo itsitsidwe, ndipo ntchitoyo imagwiridwa ndi khonsolo kapena kontirakita amene khonsolo yamuvomereza. Anthu ena kumeneko amalipira ndalama zochuluka pa kamalo kameneka kokha kuposa zimene ife timalandira pa ntchito yonse kuno.

Ku Germany nkhani ya madziyi anapita nayo patali. M'mizinda yambiri mwininyumba amalipira ndalama ya madzi a mvula chaka chilichonse molingana ndi kukula kwa malo amene wawamata, denga ndi paving yomwe. Kumeneko mtengo wa paving sutha tsiku limene amisiri alongedza zida.

M'maiko ozizira kwambiri mulinso mdani wina. Kumpoto kwa America ndi ku Canada nthaka imatha kuuma ndi chisanu kupitirira mita imodzi kuya kwake. Madzi akaundana amafufuma n'kutukula chilichonse chili pamwamba, ndipo akasungunuka pansi pamasanduka phala. Choncho miyala ya pansi amaika yokhuthala kuposa yathu, ndipo ambiri amasankha tala chifukwa imapindika pang'ono osasweka, ngakhale imafuna kupakidwa mankhwala pakapita zaka zingapo. Chisanu cha kuno cha mu Juni ndi Julayi chimayeretsa udzu m'mawa basi, sichilowa pansi. Gawo limenelo la mtengo wawo ife tilibe.

Joni ili ndi zake

Chimene chimatsitsa mtengo wa zipangizo kuno ndi kuyandikira. Simenti ya PPC, AfriSam, Sephaku ndi ena imapikisana pamsika umodzi. Mafakitale a mabuloko ali ponseponse m'Gauteng, njerwa za paving za dongo za Corobrik zilipo kwa amene akufuna mtundu wosafwifwa ndi dzuwa, makwale ali pafupi, ndipo misewu yonyamulira ilipo. Mabuloko a fakitale yodziwika amayenera kutsatira muyezo wa SANS 1058, ndiye ukagula umadziwa chimene wagula. Kompakita umabwereka m'mawa n'kubweza madzulo. Tala yokha ndi imene siiyenda bwino pa nyumba imodzi: phula lake limachokera ku mafuta, ndipo chitsekereni mafakitale oyenga mafuta a ku Durban, lambiri limachokera kunja. Kubweretsa makina a tala chifukwa cha masikweya mita 40 n'kuwononga ndalama. Imayamba kupindulitsa pa ma complex ndi malo oimikapo galimoto zambiri.

Zovuta za kuno zili m'nthaka ndi m'mitambo. Mvula ya ku Highveld, dera lokwera limene Joni ilimo, imagwa mwaukali kwa theka la ola, nthawi zina ndi matalala, ndipo njira yotsetsereka ya ku Northcliff kapena Kensington ikapanda ngalande yabwino, madzi amakokolola mchenga wa m'mipata n'kuyamba kudya pansi. Kumwera ndi kumadzulo kwa mzindawu, mbali za Lenasia, Westonaria ndi Carletonville, komanso ku Centurion, pansi pali mwala wa dolomite umene umasungunuka ndi madzi pang'onopang'ono mpaka nthaka kutitimira. Kumeneko madzi saloledwa kudikha pafupi ndi nyumba, ndipo nzeru ya ku England ija yomwetsa madzi pansi m'bwalo ikhoza kubweretsa ngozi. Malo ena ali ndi dongo lofufuma likanyowa. Onjezerani mizu ya jacaranda, nyerere zimene zimatulutsa mchenga timilumilu m'mipata ngati simunathire mankhwala, ndi mapaipi a Joburg Water ndi mawaya a faiba amene ali kunja kwa geti. Kamalo ka pakati pa mpanda ndi msewu ndi ka mzinda, kamayang'aniridwa ndi Johannesburg Roads Agency, ndipo tsiku limene a mzinda adzabwere kudzakumba paipi sadzakufunsani. Apa m'pamene mabuloko amaposa silabu: mumawazula, akamaliza mumawabwezera.

Tsono za thukuta. Aliyense amene anadutsapo kunja kwa mashopu akuluakulu a zomangira m'mawa, ku Strijdom Park kapena ku Fourways, anawaona amuna ataima ndi timakatoni tolembedwa ntchito zawo, wina atanyamula levulo, wina chipande cha pulasitala. Ambiri ndi a kwathu, ena a ku Zimbabwe ndi Mozambique. Malipiro a R27.58 aja, amene mu Malichi 2025 anakwera kufika R28.79, ndi a pa pepala. Munthu amene pasipoti yake inatha masiku sangakadandaule kulikonse, ndipo amene amamulemba ganyu amadziwa zimenezo. Zimachitika kuti kampani yatenga ntchito pa R500, n'kuipereka kwa kapitawo pa mtengo wa kuyala kokha, kapitawo n'kutola anthu pamsewu patsiku, ndipo Lachisanu likafika amawauza kuti bwana sanalipirebe. Ineyo ndikamva mwininyumba wa ku Sandton akunyadira kuti anapeza amisiri otchipa, ndimadziwa kuti kutchipako kwatuluka m'thumba la munthu wina wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene akugona chipinda chimodzi ndi anzake anayi ku Diepsloot. Mtengo wa ku Joni ukanakhala kuti aliyense akulandira zoyenera, ali ndi nsapato zotetezera ndi chotchinga fumbi, sukanafika wa ku Leeds, koma ukanakwera ndithu.

Ulendo wa kumudzi

Basi ikanyamuka ku Park Station, kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kukafika pa Zobue ndi Mwanza, munthu amaona ndi maso ake chifukwa chimene zomangira zimadulira kwathu. Malole ali ndandanda pa bodala lililonse, ena atagona pamenepo masiku, ndipo tsiku lililonse limene dalaivala wagona pa bodala limakalowa mu mtengo wa katundu. Malawi alibe doko la panyanja yamchere. Mafuta amachokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Simenti imapangidwa m'dziko momwemo, ya Shayona ku Kasungu, ya Cement Products ku Mangochi ndi ya Portland Cement Malawi imene kale inali Lafarge, ndipo ina ngati ya Dangote imalowa kuchokera ku Zambia, koma mafakitalewo amafunabe ndalama zakunja pogula zida za makina ndi zina zopangira. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'mahadiweya inakwera nthawi yomweyo. Ndalama zakunja zikasowa kubanki, wamalonda amakazigula pa black, ndipo mtengo wa thumba umatsatira reti ya pa black osati ya kubanki. N'chifukwa chake munthu amatumiza marandi pa Mukuru atawerengera matumba 30, kumudzi n'kumuimbira kuti akwanira 22 okha, ndipo amayamba kukayikira abale ake pamene mwina palibe amene waba.

Ena amaganiza zogula mabuloko kuno n'kuwatumiza ndi ma transporter. Musayerekeze. Sikweya mita imodzi ya mabuloko a mamilimita 60 imalemera makilogalamu oposa 130, ndiye njira yathu ya masikweya mita 40 ija ndi matani oposa 5, pa ulendo wa makilomita oposa 1,500 ndi mabodala atatu. Chimene chimayenda bwino m'basi ndi zikombole za pulasitiki ndi utoto wa simenti. Mabuloko amaumbidwa pamalo pomwepo.

Koma pa kuumba m'pamene pagona vuto la kwathu. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre mabuloko a paving otchedwa ma interlock ali m'mbali mwa misewu yambiri, okongola, ofiira ndi achikasu. Ena ndi abwino, opangidwa ndi makina otsindira. Ena anaumbidwa ndi munthu amene simenti yamukwerera, ndiye thumba limene likanatulutsa mabuloko owerengeka alikoka kuti litulutse ochuluka, n'kuwaumika padzuwa tsiku lotsatira. Konkire amalimba ndi chinyezi, osati ndi dzuwa. Amafunika kuthiriridwa osachepera masiku 7 ali pamthunzi kapena atafunditsidwa, ndipo mphamvu yake yoyembekezeka imakwana pa masiku 28. Buloko labwino mukaligunditsa ndi linzake limalira ngwee, ndipo msomali sulikanda. Lobera simenti limalira phuu, m'mphepete mwake n'kumanyenyeka ndi chala. Njerwa zootcha wamba za pa uvuni, zimene ena amayala chifukwa chotchipa, zimamwa madzi n'kufumbutuka pansi pa tayala. Pa ntchito za boma ndi nyumba zamalonda zinaletsedwa kale mu 2018 pofuna kuteteza mitengo, ndipo pa njira ya galimoto sizinali zoyenera n'kale lomwe.

Popeza kwathu chodula ndi simenti pamene manja alipo ambiri, nzeru yake ndi kutembenuza zimene amachita ku England: kuchepetsa zogula, kuchulukitsa ntchito ya manja. Ndinaziona bwino ku Maputo, kumene m'misewu ina ya pakati pa mzinda mudakali timiyala toyera ndi takuda toyalidwa ndi manja kamodzikamodzi kuyambira nthawi ya Apwitikizi. Simenti ndi yochepa kapena palibe, koma luso ndi kuleza mtima n'zambiri. Ku Ulaya ntchito yotero ndi ya anthu olemera chifukwa imadya maola. Kwathu maola ndi amene tili nawo. Kumene kuli miyala yafulati pafupi, monga m'madera a mapiri, mmisiri wabwino akhoza kuyala njira yolimba ndi simenti ya m'mipata yokha. Kwale woswa ndi manja, amene amayi amagulitsa milumilu m'mbali mwa msewu, amakwana bwino pa miyala ya pansi ngati mwasakaniza waukulu ndi waung'ono ndi fumbi lake. Kompakita ikasowa, chitsulo kapena chigubu chothiramo konkire chokhala ndi mpini chimagwira ntchito, bola muzitsindira pang'onopang'ono, masentimita 5 nthawi imodzi.

Ndipo pali funso limene matchona ambiri safuna kulimva: kodi n'koyenera kumata bwalo lonse? Galimoto imaponda mizere iwiri basi. Mizere iwiri ya konkire, uliwonse masentimita 60 m'lifupi, pa mamita 10 aja, ndi masikweya mita 12 m'malo mwa 40. Simenti yatsika kuchoka pa matumba pafupifupi 28 kufika pa 8 kapena 9, pakati mwadzala kapinga, madzi a mvula akulowa pansi m'malo mothamangira kwa aneba, ndipo bwalo silitentha ngati la konkire mu Okutobala. Ndikudziwa kuti ambiri timafuna bwalo looneka ngati la bwana wa ku Bryanston kuti anthu aone kuti ku Joni sitinapite kukasewera. Koma bwana wa ku Bryanston amagula thumba la simenti pa mtengo wa maola anayi a ntchito.

Nthaka nayo muiyang'ane. Katondo wofiira wa ku Lilongwe akatsindiridwa bwino amanyamula katundu. Makande akuda a kudambo, a ku Phalombe ndi a ku Chigwa cha Shire, amafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo silabu yoikidwa pamenepo popanda kuchotsa dothilo imasweka chaka chomwecho. Ntchito yokumba ndi kutsindira ichitike mvula isanayambe mu Novembala kapena itatha mu Epulo, osati mu Disembala chifukwa choti n'pamene mwabwera kutchuthi ndi bonasi.

Mnzanga wina wa ku Turffontein ankamanga ku Area 49 kudzera mwa alamu ake. Tsiku lina pa nkhomaliro anawaimbira tonse tikumva.

"Alamu, mwakumba kuya bwanji?"

"Aaa, achimwene, kuno dothi ndi lolimba kale. Amisiri akuti kukumba n'kutaya ndalama, tangosalaza."

"Pepani alamu, auzeni aime kaye. Akumbe, aike tepi m'dzenjemo, mundijambulire ndione nambala. Ndalama ya mabuloko nditumiza ndikaona chithunzicho."

Alamuwo anakhumudwa pang'ono, koma njira yake ndi imeneyo, kaya ntchito ili ku Area 49 kapena ku Randburg. Koteshoni ilembedwe mogawa: kukumba mamilimita angati ndipo dothi alichotsa ndani, miyala ya pansi ya mtundu wanji ndi kukhuthala kwake, mabuloko a mamilimita angati ochokera kuti, makebu ali momwemo kapena ayi, madzi adzathira kuti, VAT yawerengedwa kapena idzatulukira pamapeto. Malipiro nawo agawidwe motsatira ntchito: gawo loyamba dzenje likaoneka ndi tepi, lachiwiri miyala ikatsindiridwa, lomaliza mutathira madzi ndi paipi pamwamba n'kuona kumene akulowera.